Itcherani bwino foni yanu kuti izikuthandizani pa ulimi

Masiku ano m'makalabu ambiri a alimi kuno kwa Maganga, m'boma la Salima, simulephera kupezeka munthu mmodzi kapena awiri okhala ndi foni ya tachi. Ena anagula atagulitsa mpunga, ena anawatumizira ndi ana awo a ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo ena ndi achinyamata ochita geni ya usipa ku Senga Bay. Mukawafunsa ntchito imene mafoniwa amagwira, ambiri amatchula WhatsApp, Facebook ndi zotsatira za mpira. Za kufufuzirapo nkhani za ulimi amazemba, ati bandulo sichedwa kutha, kumunda netiweki imavuta, zolembedwa zambiri ndi za Chizungu, komanso amaopa kuberedwa.

Madandaulo onse anayiwa ndi oona, alimi anzanga, koma mbali yaikulu ya vutoli ikuchokera ku momwe foniyo inatcheredwa. Khasu latsopano sitilowa nalo m'munda tisanalikhomere bwino mumpini. Foni nayo imafuna kuikonza kamodzi musanayambe kuidalira, ndipo zokonzera zake zili kale m'foni momwemo, sizigulidwa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi, chifukwa zikukhudza ndalama za m'thumba mwanu komanso zokolola zanu.

Dziwani khomo lolowera pa intaneti

Pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti imatchedwa browser. Mafoni ambiri amene tili nawo kuno, monga itel, Tecno ndi Samsung, amabwera ndi Chrome. Ena munaikamo Opera Mini, ndipo palinso ina yotchedwa Firefox. Zonsezi ndi zaulere ndipo malo oyenera kuzitengako ndi ku Play Store.

Mu Chrome, yang'anani timadontho titatu tondondozana pakona ya kumanja, m'mwamba. Mukadina pamenepo pamatuluka mndandanda wa zida. Pafupifupi zonse zimene tikambe lero zili mumndandanda umenewu. Mayina ake ndi a Chizungu, choncho ndiwalemba momwe amaonekera m'foni kuti musasochere.

Tetezani bandulo yanu

Choyamba, dziwani mtundu wa bandulo imene mwagula. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula masamba ena. Mnzanu akakutumizirani linki pa WhatsApp inu n'kuidina, foni imachoka pa WhatsApp kupita mu browser, ndipo ngati mulibe bandulo ya intaneti yonse, tsambalo limakana kutseguka kapena limayamba kudya mayunitsi anu. Tsiku limene mukufuna kufufuza za ulimi, gulani bandulo ya intaneti yonse, ngakhale ya tsiku limodzi, ndipo lembani kale papepala zimene mukufuna kupeza.

Chachiwiri, mawu sadya data yambiri. Zimene zimaimaliza ndi mavidiyo, zithunzi ndi zotsatsa malonda zimene zimadzitsegukira zokha. Apa ndi pamene Opera Mini imathandiza. Iyo imayamba yachepetsa kukula kwa tsamba lisanafike m'foni mwanu. Lowani pa Settings, mupeze Data savings, musankhe High kapena Extreme. Pomwepo muthanso kuchepetsa kuwala kwa zithunzi kapena kuzitseka, komanso kuyatsa Ad blocking kuti zotsatsa zichepe. Dziwani kuti Extreme imasokoneza masamba ena, makamaka a kubanki ndi ofuna kulembapo fomu. Mukafika pa masamba otere, izimitseni kaye. Chrome inali ndi chida chotere chotchedwa Lite mode, koma eni ake anachichotsa mu 2022, choncho musataye nthawi kuchifunafuna.

Chachitatu, pali timapulogalamu ting'onoting'ono towonjezera mu browser, timene amatitchula kuti add-ons kapena extensions. Tili ngati chokokera chimene mumamangirira kunjinga kuti izinyamula zambiri. Chrome ya m'foni siilola zimenezi, koma Firefox imalola. Mu Firefox, dinani timadontho titatu, musankhe Extensions, muike yotchedwa uBlock Origin. Imatsekereza zotsatsa zambiri, kotero masamba amatseguka msanga ndipo data imakhalitsa. Imodzi yomweyi ndi yokwanira. Musamaike chilichonse chimene tsamba lachilendo lakuuzani kuti muike, chifukwa kapulogalamu kotere kamatha kuona zimene mukulemba, ndipo koipa kakhoza kuba nambala zanu zachinsinsi.

Zina n'zosunga, zina n'zoika chizindikiro

Kudambo kapena kudimba la m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, kumene malangizo amafunikira kwambiri, n'kumene netiweki imakonda kuthawa. Mankhwala ake ndi kusungiratu tsamba muli pamalo pamene ikugwira bwino. Mu Chrome, tsegulani tsambalo, dinani timadontho titatu, kenako kamuvi koloza pansi. Tsamba lonse limalowa m'foni ndipo mudzalipeza pa Downloads ngakhale mulibe data. Opera Mini nayo ili ndi malo ake osungira, otchedwa Offline pages.

Koma samalani apa. Tsamba losungidwa lili ngati chithunzi, limakhala momwe linalili tsiku limene munalisunga. N'chifukwa chake muyenera kusiyanitsa uthenga umene umakhalitsa ndi umene umasintha.

Wokhalitsa ndi monga kabzalidwe ka chimanga ka mbewu imodzi paphando, pa mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25. Kakonzedwe ka nazale ndi kawokeredwe ka mpunga wa Kilombero kapena Faya. Kapangidwe ka manyowa. Kaperekedwe ka katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso la nkhuku. Ndi zithunzi za tizilombo ndi matenda a mbewu. Zimenezi sungani, mudzaziwerenga chaka chino ndi chamawa osalipiranso.

Wosintha ndi wa nyengo ndi mitengo. Umenewu musausunge, m'malo mwake ikani chizindikiro pa tsamba lake podina kanyenyezi kali mumndandanda womwewo. Mukatero simuvutikanso kulemba adiresi, mungopita pa Bookmarks n'kudina, tsamba n'kutseguka ndi uthenga wa tsiku limenelo. Mukasankha Add to Home screen, tsambalo limakhala pamaso penipeni pa foni, pafupi ndi WhatsApp.

Tsamba loyamba kuika chizindikiro likhale la nthambi ya boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, metmalawi.gov.mw. Nthambiyi imatulutsa ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, ulosi wa masiku ochepa akubwera, komanso machenjezo a mvula yamphamvu ndi mphepo ya mwera panyanja. Kwa Maganga mabanja ambiri khasu ndi ukonde zimayendera limodzi, choncho chenjezo la mwera likhoza kupulumutsa moyo wa amene amati alowe m'madzi usiku umenewo. Tonse tikukumbukira ng'amba ya El Niño ya 2023/2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ulosi wa ng'ambayo unatuluka mvula isanagwe. Mlimi amene waumva msanga amakhala ndi mpata wosankha mbewu yocha msanga, kuwonjezera chinangwa ndi mbatata, kapena kukonzekera dimba.

Pa mitengo, chinthu choyamba kuyang'ana ndi deti. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mukafufuza pa intaneti nkhani za zaka zam'mbuyo zimatulukira limodzi ndi zatsopano. Kumbukirani kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa mpunga kapena soya wolembedwa zimenezi zisanachitike ungakugulitsitseni mbewu motaya, venda n'kukuthokozani.

Chizungu chikakula

Chrome imatha kumasulira tsamba lonse. Dinani timadontho titatu, musankhe Translate, kenako pamndandanda wa zilankhulo mupeze Chichewa, chimene m'mafoni ena chimalembedwa kuti Nyanja. Kampani ya Google inaika chilankhulo chathu m'makina ake omasulira mu 2014. Chichewa chake nthawi zina chimapunduka, koma mutu wa nkhani mumaumva.

Pomwe muyenera kuchenjera ndi pa mayina a mankhwala, mayina a tizilombo ndi milingo. Makinawa sanagwirepo sipuleya. Mukafika pa chiganizo chonena kuchuluka kwa mankhwala kapena masiku odikira musanakolole, bwererani ku Chizungu chake, muyerekeze ndi zolembedwa pa botolo, ndipo ngati mukukayika funsani mlangizi.

Amene kulemba kumakuvutani, dinani kachizindikiro ka maikolofoni pamalo ofufuzira n'kulankhula. Mu 2024 Google inawonjezera Chichewa pa zilankhulo zimene munthu angafufuzire ndi mawu apakamwa. Lankhulani pang'onopang'ono, pamalo opanda phokoso, ndipo onani ngati yalemba zimene mwanena. Amene maso anayamba kufooka, pitani pa Settings kenako Accessibility, mukulitse zilembo mpaka muziwerenga osatsinzina. Ndipo tsamba likatalika, musataye nthawi kuliwerenga lonse. Sankhani Find in page, mulembe liwu limene mukufuna, monga rice kapena Salima, foni ikufikitsani pamene pali liwulo.

Malangizo a kwina si a kwa Maganga

Intaneti ndi ya dziko lonse lapansi. Tsamba la ku Kenya lingakuuzeni kubzala chimanga mu March, chifukwa kumeneko ndi pamene mvula yawo yaikulu imayamba, pomwe kuno mwezi umenewo chimanga chimakhala chikukhwima. Tsamba la ku America kapena ku India lingatchule mankhwala amene sapezeka kuno kapena amene bungwe la Pesticides Control Board silinawavomereze. Ngakhale m'Malawi momwe muno, zoyenera ku Dedza kozizira sizifanana ndi za kuno kunyanja kotentha.

Choncho pofufuza wonjezerani liwu loti Malawi kapena Salima. Mukafuna zochokera ku boma zokha, lembani site:gov.mw kumapeto kwa funso lanu. Pa nkhani za mpunga, zolembedwa zotchula malo a kafukufuku a Lifuwu ndi zoyenera kuziwerenga mofatsa, chifukwa malowa ali m'boma lathu lomwe lino, momwemonso a Chitala.

Milingo nayo imasokoneza ambiri. Mabuku a ulimi amakonda kuwerengera pa hekitala, pomwe ife minda yathu timaidziwa m'maekala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Tsamba likati makilogalamu 100 a feteleza pa hekitala, pa ekala yanu ndi makilogalamu 40. Likati lita imodzi ya mankhwala pa hekitala, pa ekala ndi mamililita 400. Wothira mlingo wa hekitala pa ekala imodzi wawononga ndalama, ndipo akhoza kuwotcha mbewu. Pamalo ofufuzira mu browser pamagwiranso ntchito ya masamu. Mukalemba 1.5 acres to hectares yankho limabwera pomwepo. Onaninso ngati mlingo wa mankhwala walembedwera sipuleya ya malita 16 kapena 20, chifukwa zonse ziwiri zilipo m'midzi mwathu.

Pafupi ndi maikolofoni pali kachizindikiro ka kamera kotchedwa Google Lens. Mukajambula tsamba la mbewu lodwala kapena kachilombo, kamakuonetsani zithunzi zofanana nazo. Kamangoyerekeza, sikapima. Chimanga chachikasu chikhoza kukhala chosowa chakudya, chokhala m'madzi kapena chodwala, ndipo pachithunzi zonsezi zimaoneka zofanana. Gwiritsani ntchito kameraka kuti mudziwe choyang'ana. Mwachitsanzo, mbozi ya ntchemberezandonda yowononga chimanga, imene inafika m'dziko muno mu nyengo ya 2016/2017, imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu pake ndi timadontho tinayi takuda kumchira. Mukaziona ndi maso anu, tengani mboziyo kapena tsambalo mupite nalo kwa mlangizi kapena mlimi wachitsanzo musanagule mankhwala. Paja safunsa anadya phula.

Akathyali amadziwa kalendala ya mlimi

Nthawi yolemba mayina a olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo ikayandikira, kapena alimi akangogulitsa mbewu, mauthenga okoma amachuluka. Ena amati lembetsani apa mulandire feteleza waulere, ena amati bungwe lakuti likupereka ngongole kwa alimi, ena amati mwapambana mphoto. Linki yake imakufikitsani pa tsamba lokongola, lokhala ndi mbendera ya dziko kapena chizindikiro cha kampani yodziwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanalembepo chilichonse, yang'anani adiresi ya tsambalo pamwamba pa browser. Masamba a maunduna ndi nthambi za boma la Malawi amathera ndi gov.mw. Chofunika ndi mathero a dzinalo, pasanafike kamzere kopendekeka koyamba. Wakuba akhoza kuika mawu oti gov kapena malawi kumayambiriro kapena pakati, koma mathero ake amakhala ena. Musanyengeke ndi kachizindikiro ka loko kapena zilembo zoti https. Zimangotanthauza kuti njira ya pakati pa inu ndi tsambalo ndi yotchingidwa, sizinena kuti mwini tsamba ndi wachilungamo. Chrome inachita kuchotsa lokoyo mu 2023 poona kuti anthu ambiri ankaimva molakwika.

Zizindikiro zina ndi izi. Tsamba likakuuzani kuti mutumize uthengawo kwa anthu 10 kapena magulu asanu musanalandire, ndi labodza. Likafuna kuti mulipire kaye kandalama kolembetsera, ndi labodza. Likafunsa PIN yanu ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena nambala imene yangobwera pa meseji, tsekani pomwepo, chifukwa nambala zimenezi sapatsa munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kukampani. Musatumizenso chithunzi cha chitupa chanu cha unzika pa tsamba limene simukulidziwa. Nkhani yoona ya zipangizo zotsika mtengo mudzaimva kwa alangizi, kwa mafumu ndi pa wailesi. Browser ikaonetsa tsamba lofiira lochenjeza, bwererani, musakakamire. Mukaberedwa, dziwitsani kampani ya foni yanu ndi apolisi tsiku lomwelo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lothana ndi milandu ya pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA limalandira madandaulo okhudza za mafoni.

Palinso msampha wina wooneka waung'ono. Masamba ena akangotseguka amafunsa chilolezo choti azikutumizirani mauthenga, n'kuika mawu awiri, Allow ndi Block. Dinani Block. Amene munadina kale Allow, ndi chifukwa chake foni yanu imangolira ndi zithunzi zosayenera, za juga, kapena machenjezo abodza oti foni yagwidwa ndi vairasi. Kukonza kwake n'kosavuta. Pitani pa Settings, kenako Site settings, kenako Notifications, mutseke masamba onse amene simukuwadziwa. Batire nayo iyamba kukhalitsa, zomwe n'zofunika kwa inu amene mumalipira potchajitsa.

Foni yobwereka ndi foni ya banja

M'mabanja ambiri foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi ndi ana, ndipo ena mumabwereka ya mnzanu wa mukalabu. Mukabwereka, dinani timadontho titatu musankhe New Incognito tab. Mukamaliza n'kutseka, foniyo siisunga masamba amene munatsegula kapena zimene munalemba. Izi zimangokutetezani kwa wogwira foniyo pambuyo panu. Sizikubisani kwa eni tsamba, ndipo sizisandutsa tsamba labodza kukhala labwino. Foni ya eni ikafunsa kuti Save password, kanani.

Pa foni yanu, muzitseka masamba amene mwathana nawo. Kabokosi kokhala ndi nambala pafupi ndi timadontho titatu kamasonyeza kuchuluka kwa masamba otsegula, ndipo akachuluka foni imayenda mwaulesi. Malo akachepa, pitani pa Delete browsing data muchonge Cached images and files pokha. Masamba amene munasunga pa Downloads sachoka.

Chitani pagulu

Palibe chifukwa choti alimi 20 a kalabu imodzi agule mabandulo 20 kuti awerenge tsamba limodzi. Pa msonkhano ukubwerawu wa kalabu kapena wa banki m'khonde, sankhani munthu mmodzi wodziwa foni, makamaka wachinyamata, musonkhe ya bandulo imodzi. Iye atsegule tsambalo, adine Share, kenako Print, asankhe Save as PDF. Likatero limasanduka chikalata chimene angagawire ena kudzera pa Bluetooth popanda data. Amene muli ndi mafoni a mabatani simutsalira, anzanu akuwerengerani pamsonkhano pomwepo.

Tsiku limenelo chitani zinthu zinayi m'foni iliyonse ya tachi imene yabwera: yatsani chochepetsa data kapena chotsekereza zotsatsa, ikani chizindikiro pa tsamba la zanyengo, tsekani mauthenga a masamba achilendo, ndipo sungani malangizo a mbewu imene mulime chaka chino. Ntchito yonseyi siingathe ola limodzi. Itanani mlangizi wa m'dera lanu adzakhale nawo, kuti zimene mwasungazo aziyang'ane ndi kukuuzani ngati zikugwirizana ndi nthaka ndi mvula ya kuno. Chitani zimenezi mvula isanagwe, chifukwa ikangoyamba aliyense amakhala ali kumunda.